Ndalama za dziko kukagula timu ya mpira kunja, zimatheka bwanji?

NaBanda_Tyneside
Moni nonse pagulu. Ndili ndi funso limene lakhala likundizunguza mutu, ndipo ndikudziwa kuti muno muli anthu odziwa za chuma. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Newcastle. Agogo ena aamuna amene ndimawasamalira ndi okonda mpira kwambiri, sikafu yawo yakuda ndi yoyera sichoka pamsana pa mpando. Dzulo ndikuwapatsa tiyi anandiuza kuti timu yawo ya Newcastle United inagulidwa ndi Saudi Arabia mu 2021, pamtengo wa mapaundi pafupifupi 300 miliyoni. Ine ndimayesa akunena munthu wina wolemera wa kumeneko, koma anati ayi, ndi thumba la boma lenilenilo, lotchedwa PIF. Madzulo ake mnzanga wa kuntchito n'kundiuzanso kuti sitolo ya Harrods ku London ndi ya Qatar. Tsono ndikudabwa. Ndalama za anthu onse zimachoka bwanji m'dziko kukagula timu ya mpira ndi sitolo kwa eni ake? Kodi kwawoko zonse zinatheka, zipatala, misewu, masukulu? Kapena ndi njira yobisira ndalama zakuba? Ndithandizeni, safunsa anadya phula.

Wa_ku_Ndirande
Chemwali musavutike n'kuganiza, ndi kuba basi. Ndalama ya boma ikangodutsa malire, muiiwale.

Mphunzitsi_Wopuma
Achimwene a ku Ndirande, tisafulumire. Kuba kulipo ndithu m'matumba ena, koma chiyambi cha nkhaniyi si chimenecho. Mayi NaBanda, ndiyambe ndi Norway, chifukwa thumba lawo ndi lalikulu zedi ndipo mabuku ake ali poyera.

Norway inapeza mafuta pansi pa nyanja mu 1969, pamalo otchedwa Ekofisk. Mafuta si chimanga choti ukakolola udzalanso chaka chamawa. Ukapopa wapopa, pansipo patsala dzenje. Choncho anagwirizana kuti ndalama za mafutazi si za m'badwo umodzi wokha. Mu 1990 nyumba ya malamulo inakhazikitsa thumba, koma ndalama yoyamba inalowamo mu 1996, makrona (ndalama ya ku Norway) pafupifupi 2 biliyoni okha. Zonse zimene boma limapeza ku mafuta ndi gasi zimalowa m'thumbamo, ndipo thumbalo limakagwiritsa ntchito ndalamazo kunja kwa Norway kokhakokha. Pafupifupi 70 peresenti amagulira masheya m'makampani. Zambiri mwa zotsalazo amabwereketsa maboma ndi makampani pogula mabondi, ndipo kagawo kochepa amagulira nyumba ndi malo opangira magetsi amphepo. Lero ali ndi masheya m'makampani masauzande ambiri, kuphatikizapo Apple ndi Microsoft. Mukasonkhanitsa masheya onse ogulitsidwa pa misika ya dziko lapansi, pafupifupi 1.5 peresenti ndi ya iwo, dziko la anthu 5.5 miliyoni.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi lamulo la katapidwe kake. Boma limaloledwa kutapa pafupifupi 3 peresenti pachaka, imene amayerekeza kuti ndilo phindu la thumbalo. Lamuloli linayamba mu 2001 lili pa 4 peresenti, mu 2017 analitsitsa okha. Amamwa mkaka, ng'ombe amaisiya yamoyo.

Mlimi_wa_Kasiya
Aphunzitsi, zosungazo ndamva. Nkhokwe tonse timaidziwa. Koma nkhokwe munthu amamanga pakhomo pake, poiona akatuluka m'nyumba. Chondivuta ine n'chakuti bwanji akukaimanga m'mudzi wa eni? Ndalama imeneyo ikanamanga mafakitale kwawo konko, ana awo n'kupeza ntchito. Apatu akulemeretsa Amereka.

Mphunzitsi_Wopuma
Funso lanu ndiye lenileni bambo. Inu ndinu mlimi, kumbukirani zimene zimachitika pa tauni yaing'ono alimi akangolandira ndalama za fodya. Malata akwera, simenti yakwera, mmisiri amene amamanga ndi ndalama yochepa mu Januwale akufuna kuwirikiza, waganyu sapezeka. Katundu sanachuluke ayi, yachuluka ndi ndalama. Dziko laling'ono likathiridwa madola ambiri nthawi imodzi, zimakhalanso choncho. Mitengo ndi malipiro zimakwera, ndalama ya dzikolo imalimba mopitirira, ndipo wogulitsa nsomba, matabwa kapena makina kunja amapezeka kuti katundu wake wadula, ogula amuthawa. Zinawachitikira a ku Netherlands atapeza gasi ku Groningen mu 1959, mpaka akatswiri anatcha vutoli matenda a Chidatchi. Mafuta akadzatha, umapezeka unapha kale ulimi ndi mafakitale ako.

Chachiwiri, chuma cha Norway chinatsamira kale pa mafuta. Mtengo wa mafuta ukagwa, makampani a kwawo amagwa nawo. Thumba likanakhala m'makampani omwewo, zonse zikanagwera limodzi tsiku limodzi. Agogo anga ku Ntcheu ankasungitsa mbuzi zina kwa achemwali awo kutsidya kwa phiri, kuti mliri ukalowa m'khola lino, zina zipulumuke. Nzeru yake ndi yomweyo.

Chachitatu anthu sakonda kuchinena mokweza. Ndalama ikakhala pafupi, phungu aliyense amafuna mlatho kwawo chaka cha chisankho. Ikakhala kutali ndi lamulo lolimba, dzanja silifikako msanga.

Mwana_wa_Likoma_ku_Bergen
Ndikuchitira umboni, ndili kuno pasukulu chaka chachiwiri. Thumbali limayendetsedwa ndi nthambi ya banki yayikulu ya dziko, Norges Bank. Pa tsamba lawo la pa intaneti pali nambala yaitali imene imasintha mosalekeza, kukwera, kutsika, kukweranso. Ndiwo mtengo wa thumba lonse panthawi imeneyo, ndipo unadutsa makrona 20 thililiyoni. Tsiku loyamba kuiona ndinakhala phee kuiyang'ana mpaka tiyi kuzizira. Mutha kulemba dzina la dziko, monga South Africa, n'kuona kampani iliyonse imene anagulamo masheya ndi kuchuluka kwake. Ngakhale mmene adzavotere pa msonkhano wa eni masheya amalengeza kutatsala masiku asanu. Mayi amene ndimachita lendi kwawo amadandaula ndithu kuti misewu ya kumidzi ili ndi maenje pamene ndalama zili ku New York, musaganize kuti kuno onse amavomereza. Koma sanakayikepo kuti ndalamayo ilipo.

Kalipentala_wa_Croydon
Mayi NaBanda, mukadzabwera ku London nthawi ya Khrisimasi kudzaona magetsi a pa Regent Street, dziwani kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a nyumba za mumsewu umenewo ndi la thumba la Norway kuyambira 2011. Ndinagwirapo ntchito yokonza mashelefu m'sitolo ina pamenepo. Lendi imene sitolo imalipira, ina imakathera kwa ana a ku Oslo. Nyumba yaitali ija ya Shard nayo pafupifupi yonse ndi ya Qatar.

Noma_Mpaka_Kale
Ndiye Man City nayonso ndi thumba la boma? Chifukwa ngati zili choncho, zikho zonse zija anachita kugula.

Maule_wa_Joni
Wa Noma kulankhula za zikho! Yambani mwapambana zanu kaye achimwene.

Noma_Mpaka_Kale
Inu mukuonera pa foni ku Joni, ife timakhala pa Kamuzu Stadium dzuwa likutiwotcha. Musatiphunzitse mpira.

Kalipentala_wa_Croydon
Anyamata, za Bullets ndi Wanderers zili ndi gulu lake. Koma funso la City ndi labwino. Inagulidwa mu 2008 ndi Sheikh Mansour wa banja lachifumu la Abu Dhabi kudzera m'kampani yake, osati thumba la boma la kumeneko lotchedwa ADIA. Timu ya PSG ya ku Paris inagulidwa mu 2011 ndi Qatar Sports Investments, imene ndi ya boma la Qatar. Vuto la mayiko achifumu ndi limenelo: pamene pathera chuma cha banja n'kuyambira chuma cha boma ndi povuta kupaona. Ku Norway mfumu ilipo, koma singatape m'thumba ngakhale krona imodzi.

Mayi_a_Mapasa
Ine ndimayesa nkhanizi ndi za kutali, koma mwana wanga amene amaphunzira za chuma anandionetsa kuti zili m'manja mwathu momwemu. Thumba la Qatar linaika madola 200 miliyoni mu Airtel Africa mu 2019, ndipo mu 2021 linaikanso madola 200 miliyoni m'kampani imene imayendetsa Airtel Money m'mayiko a mu Africa. Temasek ya boma la Singapore nayo inaika ndalama mu Airtel Africa mu 2018. Ine ndimagulitsa zitenje, tsiku lililonse ndimalandira ndi kutumiza ndalama pafoni. Ndiye kuti pa kandalama kamene ndimadulidwa, kachidutswa kena kamakafika kwa anthu a ku Doha amene sindidzawaona. Sindikudandaula, ntchito yanga imayenda ndi foni imeneyi. Chimene chinandipweteka ndi kuganiza kuti ife tilibe kanthu kwawoko kamene kamatibweretsera ngakhale tambala.

WakuChipata
Ife kuno ku Zambia tinalawa mbali inayo, yokhala wogulidwa. Mu 2010 boma la a Rupiah Banda linagulitsa 75 peresenti ya kampani ya mafoni ya Zamtel kwa LAP Green, kampani ya pansi pa thumba la boma la Libya, pamtengo wa madola 257 miliyoni. Chaka chotsatira Gaddafi anagwa, kuno boma linasinthanso, ndipo mu Januwale 2012 boma la a Sata linalanda kampaniyo ponena kuti kagulitsidwe kake sikanayende bwino. Nkhani inakathera ku khoti ku London, Zambia n'kupezeka ndi ngongole yoti ilipire. Msuweni wanga anali m'gulu la amene anachotsedwa ntchito nthawi yogulitsayo, anabwerera kumudzi kukalima mtedza. Ukamagulitsa kwa thumba la boma lina, sukugulitsa kwa wamalonda chabe, ukukwatira ndale za dziko limenelo.

Pano migodi ya Mopani ku Kitwe ndi Mufulira, 51 peresenti inapita kwa kampani ya ku Abu Dhabi yotchedwa IRH mu 2024, pa madola 1.1 biliyoni. Anthu a ku Copperbelt ambiri anasangalala chifukwa migodi inali itafooka. Koma mkuwa ndi wathu, nanga bwanji amene akusunga phindu la zidzukulu ndi iwowo?

Wa_ku_Ndirande
Mwaonatu. Ndinanena ine. Amabwera kudzatenga.

Mphunzitsi_Wopuma
Amabwera kudzafuna phindu, zimenezo sabisa. Koma dziwani kuti ngakhale mayiko olemera amachita nawo mantha. Thumba la Kuwait ndilo lakale kuposa onse, linayamba mu 1953 ku London dzikolo lisanalandire n'komwe ufulu. Cha m'ma 1987 linagula masheya a BP mpaka kupitirira 20 peresenti. Boma la Britain linaona kuti dziko logulitsa mafuta likufuna kugwira kampani yawo ya mafuta pakhosi, ndipo mu 1988 linalamula kuti atsitse kufika pa 9.9 peresenti. Ku Thailand, Temasek itagula kampani ya mafoni ya banja la nduna yayikulu Thaksin mu 2006, anthu anakwiya n'kudzaza misewu, ndipo chaka chomwecho asilikali analanda boma. Mantha otere ndiwo anachititsa kuti mu 2008 matumbawa agwirizane mfundo 24 zotchedwa Santiago Principles, zolonjeza kuchita zinthu poyera ndi kutsata phindu osati ndale. Koma ndi lonjezo chabe, palibe wapolisi wake.

Za Kuwait ndiwonjezere ichi, chifukwa chikuyankha bambo a ku Kasiya. Mu Ogasiti 1990 Iraq inalowa m'dzikolo ndi nkhondo, boma linathawira ku Saudi Arabia, zitsime za mafuta zinatenthedwa. Chimene chinasunga boma lothawalo, kudyetsa nzika zake zobalalika ndi kumanganso dziko nkhondo itatha, ndi ndalama zija zinali kunja. Zikanakhala m'mabanki a mu Kuwait City, zikanagwa m'manja mwa adani.

Injiniya_Nkhoma
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, mwatchula mbali imodzi. Kuwait inapulumuka chifukwa osunga ndalamazo anali abwenzi ake. Nanga Libya? Chuma cha thumba lawo chinatsekedwa ndi United Nations mu 2011, ndipo papita zaka zoposa khumi chambiri chikadali chotsekedwa. Russia itayamba nkhondo ku Ukraine mu 2022, ndalama za banki yake yayikulu pafupifupi madola 300 biliyoni zinatsekedwa m'mayiko a azungu. Kaya mukuti anayenera kapena ayi, phunziro lake ndi loti mbuzi imene unasungitsa kutsidya imakhala yako pokhapokha ngati iwe ndi wosungayo mukupatsanabe moni. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ndiponso tisamayese kuti anthu amenewa salakwitsa. Mu Novembala 2007 ADIA inathira madola 7.5 biliyoni mu Citigroup poganiza kuti yatola chotchipa, banki ija n'kupitiriza kugwa. Temasek inataya madola 275 miliyoni mu FTX, kampani yogulitsa ndalama za pa intaneti, mu 2022. Thumba la Libya linataya ndalama yoposa madola 1 biliyoni pa malonda ovuta kumva amene linachita ndi banki ya Goldman Sachs, linakasuma ku London ndipo mu 2016 linaluza mlandu.

Mwana_wa_Likoma_ku_Bergen
Zoona akulu. Norway yomwe mu 2008 inataya pafupifupi 23 peresenti chaka chimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti sanagulitse mwamantha, anapitiriza kugula masheya mitengo ili pansi, chifukwa lamulo linkawauza kutero. Lero ndalama yoposa theka ya m'thumbamo si ya mafuta ayi, ndi phindu limene ndalamazo zabereka.

Gogo_Nachisale
Ana anga, ine sukulu ya zachuma sindinapite, koma ndikuuzeni zimene zinatichitikira ku banki m'khonde yathu. Tinali amayi 22. Bokosi linali ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, ndipo ndalama timawerenga pamphasa aliyense akuona. Zaka zinayi sitinasowe ngakhale kwacha imodzi. Chaka chachisanu msungichuma anati bokosi likuopsa kusunga m'nyumba, iye ali ndi mlamu wake m'tauni wochita bizinesi amene angatichulukitsire. Tinavomera chifukwa anali mayi wa mpingo ndipo amalankhula bwino. Kuyambira pamenepo pamphasa pankabwera pepala lokha lolembedwa manambala. Disembala itakwana, nthawi yogawana, tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, munthu osabwera. Ine ndinali nditalonjeza mdzukulu wanga fizi ya fomu 1.

Cholakwa sichinali kutumiza ndalama kutauni. Cholakwa n'chakuti makiyi atatu aja anasanduka kiyi mmodzi, ndipo tinasiya kuwerenga ndi maso athu. Mukamakamba za Norway ndi mayiko enawo, ine ndikungomva nkhani ya makiyi.

Injiniya_Nkhoma
Agogo mwalasa. Malaysia ndi chitsanzo chake. Thumba lawo la 1MDB linakhazikitsidwa mu 2009, nduna yayikulu Najib Razak ndiye anali ndi mawu omaliza. Thumba limeneli silinali ndi ndalama zosunga n'komwe, linkachita kubwereka. Ofufuza a boma la Amereka anati madola pafupifupi 4.5 biliyoni anabedwa, ena anagulira sitima yapamadzi yachisangalalo, nyumba ndi zithunzi zodula. Najib anagamulidwa zaka 12 mu 2020 ndipo analowa m'ndende mu 2022. Ku Angola thumba la madola 5 biliyoni linakhazikitsidwa mu 2012, wapampando wake n'kudzakhala mwana wa pulezidenti dos Santos, ndipo ndalama zambiri zinaperekedwa kwa kampani ya mnzake kuti iziyendetse. Anachotsedwa mu 2018 bambo ake atachoka pampando.

Koma imene imandimvetsa chisoni kwambiri ndi Nauru, kachilumba ka m'nyanja ya Pacific ka anthu ongopitirira pang'ono 10,000. Anali ndi miyala ya fosifeti yopangira feteleza, ndipo m'ma 1970 anali m'gulu la anthu olemera kwambiri padziko. Anasunga ndithu m'thumba, anagula mahotela ndi nyumba yosanja yaitali ku Melbourne. Alangizi achinyengo, ngongole ndi kudya mosawerengera zinamaliza zonse, nyumba zija zinagulitsidwa pobweza ngongole. Fosifeti anatha, pakati pa chilumba panatsala miyala yosongoka posamera kanthu.

Wa_ku_Ndirande
Ndiye mukundivomereza. Ife a Cashgate ya 2013 tingasunge thumba? Lingathe mwezi umodzi.

Mayi_a_Mapasa
Achimwene, mawu amenewo ndi amene amatifooketsa. Botswana si azungu. Ali ndi Pula Fund kuyambira 1994, ndalama za dayamondi, ndipo imayendetsedwa ndi banki yawo yayikulu.

Kalipentala_wa_Croydon
Zoona mayi, komabe gawo la boma m'thumba limenelo latapidwa kwambiri zaka zapitazi. Bajeti ikaperewera amapita komweko, ndipo malonda a dayamondi agwa chifukwa cha dayamondi wopangidwa m'mafakitale. Analibe lamulo lolimba la katapidwe ngati la Norway. Koma ndivomereze kuti chifukwa chosunga, nthawi ya mavuto anali ndi potapa. Ife timathamangira kukabwereka.

Compadre_wa_ku_Angonia
Kuno ku Mozambique nkhaniyi ndi yamoto. Gasi wa ku Cabo Delgado anayamba kutumizidwa kunja mu Novembala 2022 kuchokera pa Coral Sul, ndipo mu Disembala 2023 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la thumba la dziko. Zaka zoyambirira 40 peresenti ya ndalama za gasi izipita m'thumba, 60 ku bajeti, woyendetsa ndi banki yayikulu ya dziko, Banco de Moçambique. Papepala zili bwino. Koma anthu sanaiwale ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni zimene zinaululika mu 2016, metikali n'kugwa, mitengo n'kukwera. Ndipo mukapita kukauza mayi wa ku Palma, ku Cabo Delgado komweko, amene anathawa nkhondo kuti ndalama za gasi wa kwawo zikusungidwira zidzukulu kunja, adzakufunsani kuti mwana amene ali kumsanayu si mdzukulu wa dziko lino kodi.

Mlimi_wa_Kasiya
Apo ndiye pamene ndimafuna tifike. Kuno kwathu magalimoto a anthu ofufuza miyala ya rutile akhala akudutsa, akubowola m'minda n'kutenga dothi m'matumba. Ku Balaka kuli Kangankunde, ku Phalombe kuli Songwe. Aliyense akuti migodi ndiyo itipulumutse. Kayelekera ku Karonga inatsegulidwa mu 2009, n'kuima mu 2014, ndipo palibe amene angandionetse pamene tinasunga kanthu ka zaka zimenezo. Tsono migodi yatsopanoyi ikayamba kubala, titani? Titengere Norway, ndalama zipite ku London pamene chipatala chathu chilibe mankhwala? Ine mtima ukukana.

Mphunzitsi_Wopuma
Mtima wanu sukulakwa bambo, ndipo ine sindinganene kuti titengere Norway ndendende. Pamene iwo amayamba kusunga, anali kale ndi misewu, magetsi ndi sukulu za aliyense. Ife tili ndi ngongole zimene boma limalipira chiwongoladzanja chokwera kwambiri kwa obwereketsa a m'dziko momwemuno. Munthu amene ali ndi ngongole ya katapila sapita kukasunga ndalama kumene ikabereke pang'ono pachaka, amayamba wabweza katapilayo. Ndipo mwana amene sanaphunzire lero simungadzamuphunzitse ndi phindu la 2050.

Koma kusasunga kalikonse kunja nakonso ndi ngozi. Ine ndinapuma ntchito nditaphunzitsa zaka 34. Ndalama yanga yopumira ndinaisunga mu makwacha, ndimati ndimalizire nyumba. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ndinapita kukafunsa mtengo wa malata sabata yotsatira, ndinabwerera ndi theka la amene ndimafuna, ndipo chipinda chimodzi mpaka lero chili ndi pulasitiki kudenga. Dziko limene chuma chake chonse chili mu ndalama yake yokha lili ngati ine. Miyala imagulitsidwa mu madola, mtengo wake umakwera ndi kutsika. Gawo lina, ngakhale lochepa, liyenera kukhala mu ndalama zakunja kuti chaka cha chilala kapena cha namondwe ngati Freddy tisamagone pamzere wa mafuta ndi kusowa feteleza.

Ine ndikanati zitatu. Lamulo linene poyera gawo lopita ku bajeti ndi gawo losunga, ndipo kulisintha kukhale kovuta. Woyendetsa asakhale wosankhidwa ndi munthu mmodzi. Ndipo miyezi itatu iliyonse mabuku azisindikizidwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe, aziwerengedwa pa wailesi.

Injiniya_Nkhoma
Ndiwonjezere chachinayi aphunzitsi. Thumba silingadzaze ngati mgwirizano ndi kampani ya mgodi unatayirira pachiyambi. Norway imadula msonkho wa 78 peresenti pa phindu la makampani a mafuta. Botswana ili ndi theka la Debswana, kampani yokumba dayamondi. Tikamakangana za kosungira tisanaone chimene tikulandira, tikumanga khola mbuzi tisanagule.

Mwana_wa_Likoma_ku_Bergen
Pali china chimene sitinakhudze. Kuno kuli bungwe loona za chikhalidwe limene linakhazikitsidwa kuti lizilangiza za makampani oyenera kuchotsedwa m'thumba. Anachotsa opanga fodya mu 2010, anachotsa ambiri a malasha kuyambira 2016, kampani ya masitolo ya Walmart inakhala kunja kuyambira 2006 mpaka 2019 pa nkhani za ufulu wa antchito. Anzanga a m'kalasi amatsutsana kwambiri: ena amati ndi chinyengo kukana malasha pamene ndalama yako ndi ya mafuta. Ine monga mwana wa dziko lolima fodya, tsiku limene ndinamva za fodyazo ndinakhala chete m'kalasi. Makampani amene iwo akuwakana ndi amene amagula fodya wa amalume anga.

Maule_wa_Joni
Nanga za Saudi zija, chemwali anafunsa za timu. Phindu la timu ya mpira lili pati? Matimu ambiri amangodya ndalama.

Kalipentala_wa_Croydon
PIF ndi yosiyana ndi ya Norway. Ndalama zake zambiri zili kwawo konko, kumanga mizinda ndi mafakitale kuti dziko lisadalire mafuta okha, ndipo wapampando wake ndi Mohammed bin Salman mwiniwake. Kunja inaika madola 3.5 biliyoni mu Uber mu 2016 ndi 45 biliyoni m'thumba la kampani ya ku Japan ya SoftBank. Za mpira, gofu ndi nkhonya, eni ake amati ndi bizinesi ndi kukopa alendo. Mabungwe a za ufulu wa anthu amati ndi kutsuka dzina, makamaka pambuyo pa kuphedwa kwa mtolankhani Jamal Khashoggi ku Istanbul mu 2018. Ine ndikuona kuti zonse ziwiri zilimo. Ndipo nzika wamba ya ku Saudi ilibe poti ingafunse kuti bwanji munagula timu.

NaBanda_Tyneside
Zikomo nonse, ndawerenga zonse pa nthawi yopuma, zina kawiri. Agogo Nachisale, nkhani yanu yandikhudza, pepani kwambiri. Lero ndinawafunsa agogo anga aja ngati sizikuwavuta kuti timu yawo ili m'manja mwa boma la dziko lina. Anakhala kaye chete akusisita sikafu ija. Kenako anati bambo awo anawatengera ku bwalo la St James' Park ali mwana, ndipo chikho cha 1955 anachiona ali mnyamata. Anadikira zaka 70 kuti aonenso timu yawo ikunyamula chikho cha m'dziko muno, mpaka mu Malichi 2025 pamene anagonjetsa Liverpool ku Wembley. Anati tsiku limenelo analira, koma mwana wawo wamkazi anakana kuonera nawo chifukwa cha nkhani ya mtolankhani uja, ndipo mpaka lero akakumana nkhani ya mpira saiyamba.

Mlimi_wa_Kasiya
Aphunzitsi ndi a Injiniya, Loweruka lino kuli msonkhano kwa a gulupu pa nkhani ya minda ndi chipukutamisozi. Ndikufuna ndikafunse za gawo limene boma lidzalandire ndi kumene lidzasungidwe. Mundilembere mafunso atatu kapena anayi m'Chichewa chosavuta, ndikawawerenge ndikapatsidwa mpata. Foni yanga imavuta netiweki madzulo, mukatumize m'mawa.